Squire: Liwu Limene Linachoka pa Wonyamula Chishango Kufika pa Mwini Mudzi

M'Chingerezi muli liwu lakuti squire, limene masiku ano limapezeka makamaka m'mabuku a nthano zakale ndi m'mafilimu oonetsa moyo wa kumidzi ya ku England, koma limene kwa zaka pafupifupi 300 linkatchula munthu amene moyo wa mlimi wamba wa m'dzikolo unali m'manja mwake. Squire anali mwini malo wamkulu wa pamudzi, wokhala m'nyumba yoposa zonse kukula, amene alimi ankapereka lendi kwa iye, amene ankaweruza milandu ya anthu a m'deralo, ndiponso amene kawirikawiri ankasankha wansembe wa tchalitchi cha pamudzipo. Komabe liwuli silinayambe ndi ulemu woterewu, pakuti poyamba linkatchula mnyamata wotumikira, wonyamula chishango cha mbuye wake popita kunkhondo, ndipo kusintha kwa tanthauzo lake kuchoka pa wantchito kufika pa bwana kumaonetsa bwino momwe ulemu ndi mphamvu m'dziko la England zinasiyira kudalira lupanga n'kuyamba kudalira nthaka.

Gwero la liwuli ndi Chilatini, chinenero cha Aroma akale, mmene chishango chachikulu cha msilikali chinkatchedwa scutum ndipo msilikali wonyamula chishango chotero ankatchedwa scutarius. Pamene Chilatini cholankhulidwa m'dera limene lero ndi France chinasanduka Chifalansa chakale, liwuli linasintha n'kukhala escuier, ndipo linawoloka nyanja kulowa ku England pambuyo pa chaka cha 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa Mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings n'kugawira malo a dzikolo kwa akuluakulu ake a nkhondo olankhula Chifalansa. Kwa zaka zoposa 200 chinenero chimenechi ndicho chinkamveka kunyumba yachifumu, m'makhoti ndi m'misasa ya asilikali, n'chifukwa chake mawu ambiri a Chingerezi okhudza ulamuliro ndi nkhondo anachokera komweko. Polankhula, Angerezi ankasiya lembo loyamba n'kutsala ndi squier, limene pambuyo pake linayamba kulembedwa squire, koma katchulidwe kakatali kakuti esquire sikanafe, ndipo m'kupita kwa nthawi awiriwa anagawana ntchito: esquire linakhala la m'zikalata ndi m'makalata, pamene squire linakhala la pakamwa. Muzu womwewu ndi umene unabala escudero m'Chisipanishi, dzina la ntchito ya Sancho Panza m'buku la Miguel de Cervantes la mu 1605, ndiponso escudo, ndalama yakale ya ku Portugal imene inkagwira ntchito ku Mozambique mpaka pamene metical inalowa m'malo mwake mu 1980.

Kuti ntchito ya squire woyambirira imveke, pafunika kudziwa kaye za knight, amene anali msilikali womenya nkhondo ali pa kavalo atavala zovala zachitsulo, ndipo ankapatsidwa malo ndi mfumu kapena ndi mbuye wina wamkulu polonjeza kuti adzapita kunkhondo nthawi iliyonse imene waitanidwa. Mwana wamwamuna wa banja lolemekezeka ankatumizidwa kunyumba ya mbuye wina ali ndi zaka pafupifupi 7 kuti akaphunzire mwambo ndi kutumikira, ndipo akafika zaka 14 ankakhala squire, kutanthauza kuti ankasamalira akavalo ndi zida za knight wake, kumuveka zovala zachitsulo zija, kumudulira nyama patebulo, ndi kumutsatira kunkhondo atanyamula chishango ndi mkondo. Akakwanitsa zaka 21, ngati anali ataonetsa kulimba mtima ndipo anali ndi chuma chokwanira, ankalandira udindo wa knight pa mwambo wapadera. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, anajambula squire wa mtundu umenewu m'buku lake la The Canterbury Tales, mmene akuoneka ngati mnyamata wa zaka pafupifupi 20, wa tsitsi lopiringizika, wokonda kuimba ndi kuvina, amene wamenyapo kale nkhondo kutsidya kwa nyanja koma amadulirabe bambo ake nyama pa nthawi ya chakudya.

Chimene chinasintha tanthauzo la liwuli ndi ndalama. Kukhala knight kunkafuna akavalo ankhondo, zovala zachitsulo zimene mtengo wake unkakwerakwerabe, antchito operekeza, ndiponso ntchito zolemetsa za boma m'chigawo zimene munthu sankalipidwa, moti amuna ambiri a mabanja olemekezeka anaona kuti n'kwabwino kukhala squire moyo wawo wonse n'kumasamalira minda yawo. Mafumu sanakondwere nazo, ndipo kuyambira m'nthawi ya Henry III, m'zaka za m'ma 1200, panali lamulo lakuti aliyense amene malo ake ankamubweretsera mapaundi 20 pa chaka, chiwerengero chimene pambuyo pake chinakwera kufika pa mapaundi 40, alandire udindo wa knight kapena alipire chindapusa. Ambiri ankasankha chindapusa. Mfumu Charles I anafukula lamulo loiwalikali mu 1630 pofuna ndalama popanda kupempha Nyumba ya Malamulo, ndipo mmodzi mwa amene analipitsidwa anali Oliver Cromwell, mwini malo wamng'ono wa ku Huntingdon amene pambuyo pake anatsogolera asilikali ogonjetsa mfumuyo. Nyumba ya Malamulo inathetsa lamuloli mu 1641. Koma kale kwambiri izi zisanachitike, esquire linali litasiya kutchula msinkhu wa mnyamata wophunzira n'kuyamba kutchula udindo wa munthu wamkulu, monga zikuonekera m'lamulo la mu 1363 lonena za zovala zoyenera gulu lililonse la anthu, ndiponso m'lamulo la mu 1413 limene linafuna kuti zikalata za kukhoti zizitchula udindo kapena ntchito ya munthu woimbidwa mlandu.

Pofika m'zaka za m'ma 1600, anthu olemekezeka a ku England anali m'magulu awiri. Pamwamba panali malodi ochepa okhala ndi mipando yobadwa nayo m'chipinda chapamwamba cha Nyumba ya Malamulo, ndipo pansi pawo panali gulu lalikulu lotchedwa gentry, ndiko kuti eni malo amene sankagwira khasu kapena pulawo ndi manja awo koma ankadalira lendi. M'gulu limeneli munali masitepe anayi: baronet, udindo wosiyirana m'banja umene Mfumu James I anayambitsa mu 1611 n'kumaugulitsa pa mapaundi 1,095; knight; esquire; ndi gentleman, amene anali wotsika pa onse. Gregory King, katswiri wowerengera anthu ndi chuma, poyerekeza mmene zinthu zinalili mu 1688 anati ku England ndi ku Wales kunali mabanja 800 a baronet, 600 a knight, 3,000 a esquire ndi 12,000 a gentleman, ndipo banja la esquire linkapeza mapaundi 450 pa chaka pamene banja la munthu waganyu linkapeza mapaundi 15. Mfundo yofunika kuigwira apa ndi yakuti liwu lalifupi lija, lakuti squire, silinali limodzi mwa masitepe amenewa. Palibe mfumu imene inapatsa munthu udindo wa squire, ndipo palibe chikalata chimene chinkamulonga. Anthu a pamudzi ndi amene ankatchula motero mwini malo wamkulu wa kwawo, kaya anali baronet, knight kapena gentleman wamba, ndipo munthu akagulitsa malo ake dzinalo linkatsala ndi wogula.

Malo ambiri a mabanjawa anabwera m'manja mwawo pambuyo pa zaka za 1536 mpaka 1540, pamene Mfumu Henry VIII anatseka nyumba za amonke ndi masisitere n'kulanda minda yake, imene boma linagulitsa mwachangu pofuna ndalama za nkhondo. Ogula anali eni malo akale, maloya, amalonda olemera a ku London ndi antchito a kunyumba yachifumu, ndipo kuyambira pamenepo njira yodziwika yolowera m'gulu la olemekezeka inali kupanga ndalama m'tauni, kugula mudzi, ndi kudikira kuti pofika pa adzukulu anthu aiwale kuti agogo anali ogulitsa nsalu. Kuti malowo asagawike, mwana wamwamuna woyamba ndiye ankalandira zonse, ndipo maloya anakonza mapangano a m'banja amene ankapangitsa kuti wolowa chuma akhale wongodyerera malowo pa moyo wake popanda mphamvu yowagulitsa. Ana aamuna otsatira ankalowa unsembe, usilikali, uloya kapena ntchito za m'maiko olamulidwa ndi Britain, pamene ana aakazi ankapatsidwa gawo la ndalama lokwatiwa nalo, ndipo nkhawa za ana aakazi a m'banja limene malo ake adzapita kwa msuweni wamwamuna ndizo zikuyendetsa nkhani m'buku la Jane Austen la Pride and Prejudice la mu 1813.

Wowerenga wa kuno angayese kufanizira squire ndi nyakwawa, popeza onse awiri ndi mutu wa mudzi, amamva madandaulo ndipo amapatsidwa ulemu pamisonkhano, koma kufananaku kumathera pomwepo. Pa mwambo wa Achewa mfumu imasunga malo m'malo mwa anthu ake ndipo imagawa minda kwa mabanja amene amalima popanda kulipira lendi, komanso imalongedwa ndi mbumba imene ili ndi mawu pa khalidwe lake. Squire anali mwini wake weniweni wa nthaka, nyumba zimene anthu ankagonamo ndi mitengo ya m'nkhalango, ndipo panalibe gulu la akuluakulu a pamudzi limene likanamuchotsa.

Mphamvu yake yachiwiri, imene inkaposa ngakhale ya lendi, inali ya kuweruza. Lamulo la mu 1361, m'nthawi ya Edward III, linakhazikitsa majisitireti a m'zigawo otchedwa Justices of the Peace, kutanthauza oweruza osungitsa mtendere, amene sanali maloya ophunzira koma eni malo ogwira ntchitoyo popanda malipiro, ndipo kuyambira mu 1732 munthu ankafunika kukhala ndi malo obweretsa mapaundi 100 pa chaka kuti asankhidwe. Milandu ing'onoing'ono squire ankaiweruza yekha m'chipinda cha m'nyumba mwake, pamene milandu yokulirapo inkadikira msonkhano wa majisitireti onse a m'chigawo umene unkachitika kanayi pa chaka. Misonkhano imeneyi sinali makhoti chabe, chifukwa ndiyo inkayang'anira milatho, ndende, ziphaso za malo omwera mowa, msonkho wa m'chigawo ndi chithandizo cha amphawi, moti kwa zaka mazana angapo boma la kumidzi ya ku England linali gulu la eni malo osasankhidwa ndi anthu amene ankawalamulira. Ku London nakonso mawu awo ankamveka, pakuti lamulo la mu 1711 linafuna kuti phungu woimira chigawo akhale ndi malo obweretsa mapaundi 600 pa chaka, ndipo Robert Walpole, amene amawerengedwa kukhala nduna yaikulu yoyamba ya Britain kuyambira mu 1721 mpaka 1742, anali mwini malo wa ku Houghton m'chigawo cha Norfolk.

M'tchalitchi namonso squire anali ndi malo ake. M'maparishi ambiri a mpingo wa Anglican ufulu wosankha wansembe unali katundu ngati munda, wotheka kugulidwa, kugulitsidwa ndi kusiyiridwa ana, ndipo squire amene anali nawo ankaika mng'ono wake, mwana wake kapena mnzake wa kusukulu, amene kawirikawiri ankakhalanso majisitireti. Banja la squire linali ndi mpando wake wotchingidwa kutsogolo, ndipo zikumbutso za makolo ake zinkadzaza makoma. Joseph Arch, waganyu wa m'minda wa ku Barford m'chigawo cha Warwickshire amene anadzatsogolera bungwe la aganyu anzake mu 1872, analemba m'mbiri ya moyo wake kuti ali mwana wa zaka 7 anasuzumira pa kabowo ka kiyi n'kuona anthu akulandira mgonero motsata chuma chawo, squire poyamba, kenako alimi olemera, kenako amisiri ndi ogulitsa m'masitolo, ndipo pomaliza aganyu, kuphatikizapo bambo ake, ndipo ananena kuti zimene anaona tsiku limenelo sizinamuchoke mumtima.

Palibe pamene ulamuliro umenewu unaonekera poyera kuposa m'malamulo a kusaka nyama. Lamulo la mu 1671 linaletsa aliyense kupha akalulu, nkhwali ndi mbalame zina zakutchire zodyedwa pokhapokha ngati anali ndi malo akeake obweretsa mapaundi 100 pa chaka, kapena malo obwereka kwa zaka 99 obweretsa mapaundi 150, kapena ngati anali mwana wolowa chuma wa esquire kapena wa munthu wa udindo woposa pamenepo. Zotsatira zake zinali zakuti mlimi sankaloledwa kupha kalulu amene akudya mbewu m'munda umene iye amaulipirira lendi, ndipo ngakhale mwini munda waung'ono sankaloledwa kusaka pa nthaka yakeyake. William Blackstone, katswiri wa malamulo wa m'zaka za m'ma 1760, anaona kuti munthu ankafunika chuma chochuluka maulendo 50 kuti aphe nkhwali kuposa chimene ankafunika kuti avotere phungu wa chigawo, popeza voti inkangofuna malo obweretsa mashileni 40. Lamulo lomwelo linapatsa eni malo ufulu wolemba alonda a nyama okhala ndi mphamvu yolanda mfuti, agalu ndi maukonde a anthu wamba, ndipo alondawa ankadedwa m'midzi kuposa mabwana awo, pakuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Kuyambira mu 1707 munthu wopezeka ndi agalu osakira kapena misampha ankalipira mapaundi 5, ndalama yofanana ndi zimene banja la waganyu linkapeza pa miyezi 4 malinga ndi chiwerengero cha King, kapena ankatsekeredwa miyezi 3, ndipo majisitireti mmodzi yekha ankatha kugamula mlanduwo. Lamulo la mu 1816 linawonjezera chilango cha kutumizidwa kunja kwa dziko kwa zaka 7 kwa wosaka usiku, ndipo misampha yothyola miyendo ya anthu ndi mfuti zodziwombera zokha zinkatcherwa m'nkhalango mpaka zinaletsedwa mu 1827. Chinthu chopweteka kwambiri m'dongosolo limeneli sichinali kukula kwa zilango kokha, koma kuti wopanga lamulo ku London, mwini nkhalango, bwana wa mlonda wogwira wolakwa ndi woweruza mlandu anali anthu a gulu limodzi, odyera patebulo limodzi ndi kusaka limodzi.

Nthawi yomweyo minda ndi madambo amene anthu a pamudzi ankagwiritsa ntchito limodzi, podyetsa ng'ombe, potola nkhuni ndi pokunkha tirigu wotsala pambuyo pokolola, zinali kutchingidwa ndi mipanda. Pakati pa 1604 ndi 1914 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo oposa 5,200 otchinga malo okwana maekala pafupifupi 6.8 miliyoni, ndipo ambiri mwa malamulowa anaperekedwa pakati pa 1750 ndi 1850 pa pempho la eni malo aakulu, popeza chivomerezo cha mudzi chinkawerengedwa potengera kukula kwa malo osati kuchuluka kwa anthu. Zokolola zinachuluka ndipo lendi inakwera, koma banja limene linali ndi ng'ombe imodzi yodya pa dambo la onse linatsala lodalira ganyu yekha.

Mmene masquire anachitira ndi umphawi umene unatsatira zikuoneka m'zochitika ziwiri. Mu 1795, tirigu atakwera mtengo kwambiri, majisitireti a m'chigawo cha Berkshire anakumana ku Speenhamland, pafupi ndi Newbury, ndipo m'malo mokhazikitsa malipiro oyambira anagwirizana kuti parishi iziwonjezera pa malipiro a waganyu molingana ndi mtengo wa buledi ndi kukula kwa banja lake, njira imene inapulumutsa anthu ku njala koma inalola olemba ganyu kupitiriza kulipira zochepa. Mu 1834, ku Tolpuddle m'chigawo cha Dorset, aganyu 6 otsogozedwa ndi George Loveless, amene malipiro awo anali atatsika kufika pa mashileni 7 pa sabata, anamangidwa chifukwa chokhazikitsa bungwe lawo. Mwini malo ndi majisitireti wa m'deralo, James Frampton wa ku Moreton, ndi amene analembera Lord Melbourne, nduna yoona za m'dziko, ndipo popeza kukhazikitsa bungwe sikunali mlandu, amunawo anaimbidwa mlandu wolumbiritsana mwachinsinsi pogwiritsa ntchito lamulo la mu 1797 limene linapangidwa pothana ndi kugalukira kwa asilikali a pamadzi. Anagamulidwa kukakhala zaka 7 ku Australia, ndipo anakhululukidwa mu 1836 anthu ambirimbiri atachita zionetsero ku London ndi kusayina chikalata chodandaula.

Kunena chilungamo, si squire aliyense amene anali Frampton. Ambiri ankachepetsa lendi m'chaka cha zokolola zoipa, ankamanga sukulu ndi nyumba za antchito, ankagawa malasha ndi mabulangete m'nyengo yozizira, ndipo ankagwira ntchito yotopetsa ya umajisitireti kwa zaka zambiri popanda kulandira kanthu. Olemba mabuku anaona mbali zonse ziwiri. Joseph Addison ndi Richard Steele, m'nyuzipepala yawo ya The Spectator ya mu 1711, anapeka Sir Roger de Coverley, mwini mudzi wachifundo amene antchito ake anakalamba naye limodzi, pamene Henry Fielding, amene iyenso anali majisitireti, anaika m'buku lake la Tom Jones la mu 1749 anthu awiri oyandikana nyumba, Squire Allworthy wolungama ndi Squire Western wokonda agalu, mowa ndi kutukwana, amene anatsekera mwana wake wamkazi m'chipinda pomukakamiza ukwati. Koma kuika awiriwa pamodzi kumaulula vuto lenileni la dongosololi m'malo moliphimba, chifukwa mudzi sunkasankha kuti ukhale ndi Allworthy kapena Western, ndipo chifundo cha squire wabwino chinali mphatso imene ikanatha kuchotsedwa kwa munthu wopita ku tchalitchi cha Methodist, wolowa bungwe kapena wovotera munthu wolakwika. Waganyu wokhala m'nyumba ya bwana akachotsedwa ntchito ankataya denga lomwe, ndipo m'midzi ina eni malo ankakana dala kumanga nyumba zatsopano kuti msonkho wothandizira amphawi usakwere, zimene zinkachititsa antchito kuyenda mitunda italiitali m'mawa ndi madzulo kuchokera kumidzi ina.

N'zosadabwitsa kuti mawu atsopano amene anaphuka pa liwuli anali ndi kachipongwe. Cha m'ma 1800 kunabwera squirearchy, lopangidwa mofanana ndi mawu otchula ulamuliro wa mafumu kapena wa mabishopu, kutanthauza ulamuliro wa masquire ngati gulu, ndipo pambuyo pake kunabwera squarson, lophatikiza squire ndi parson, liwu lotchula wansembe wa parishi, pofuna kutchula munthu amene anali zonse ziwiri, monga Sabine Baring-Gould wa ku Lew Trenchard m'chigawo cha Devon, amene anamwalira mu 1924. Ku Ireland kunali squireen, lokhala ndi mchira wochepetsa wa Chiairishi, lotchula mwini malo wamng'ono wodzionetsa ngati bwana wamkulu.

Kukula kwenikweni kwa gululi kunadziwika boma litachita kalembera wa eni malo mu 1873. John Bateman, amene iyenso anali mwini malo wa ku Essex, anasanthula kalemberayu n'kupeza kuti ku England ndi ku Wales kunali anthu pafupifupi 2,500 amene anawatcha masquire, aliyense wokhala ndi maekala pakati pa 1,000 ndi 3,000, ndipo onse pamodzi anali ndi maekala oposa 4 miliyoni. Koma pamene ankawerengedwa chonchi, mizati ya mphamvu zawo inali itayamba kale kuzulidwa umodziumodzi. Malamulo oteteza mtengo wa tirigu wa m'dziko anathetsedwa mu 1846 pansi pa nduna yaikulu Robert Peel, ngakhale kuti aphungu ambiri a eni malo a m'chipani chake chomwe anakana. Voti yachinsinsi ya mu 1872 inachotsera squire mwayi wodziwa mmene alimi ake avotera. Lamulo la mu 1880 linalola mlimi kupha akalulu m'munda mwake. Ndipo la mu 1884 linapatsa aganyu ambiri a m'minda voti, moti chaka chotsatira Joseph Arch anasankhidwa kukhala phungu wa ku North West Norfolk. Mu 1888 ntchito za boma zimene majisitireti ankagwira zinapita kwa makhonsolo osankhidwa a m'zigawo, mu 1894 midzi inapatsidwa makhonsolo ake, ndipo mu 1906 lamulo lofuna kuti majisitireti akhale mwini malo linathetsedwa. Masquire ambiri anapikisana nawo pa masankho a makhonsolowa n'kupambana, koma tsopano ankayenera kupempha mpando umene kale ankabadwa nawo.

Chimene chinawathyola msana ndi mtengo wa zokolola. Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 njanji ndi sitima zoyendera nthunzi zinabweretsa tirigu wotsika mtengo kuchokera ku zigwa za ku America, ndipo mu 1882 sitima ya Dunedin inafika ku London ndi nyama yankhosa youmitsidwa m'chisanu kuchokera ku New Zealand. Pofika mu 1894 mtengo wa tirigu unali utatsika kuposa theka la mmene unalili zaka 20 m'mbuyomo, lendi inagwa, ndipo squire wa maekala 2,000 amene analibe migodi ya malasha kapena malo a m'tauni, mosiyana ndi malodi olemera, analibe kwina kotembenukira. M'chaka chomwecho William Harcourt, nduna ya zachuma, anayambitsa msonkho wa pa chuma cha masiye umene unakwera kwambiri m'zaka zotsatira, ndipo nkhondo ya mu 1914 mpaka 1918 inapha ana ambiri olowa chuma, amene monga mwa mwambo wa mabanja awo anali maofesala otsogolera asilikali kutsogolo. Nkhondo itatha malo ochuluka anagulitsidwa, makamaka kwa alimi omwe ankawalima, ndipo nyumba zikuluzikulu zinasanduka sukulu, zipatala ndi mahotela, zina zinaperekedwa ku bungwe la National Trust, pamene mazana ambiri zinagwetsedwa, makamaka m'zaka za m'ma 1950.

Ganizo lakuti munthu mmodzi angakhale mwini nthaka ndipo okhalapo n'kusanduka olipira linafika ndi ulamuliro wa Britain ku mapiri a Shire, kumene kuyambira mu 1892 Harry Johnston, mkulu woimira boma la Britain, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu, ndipo anthu okhala m'maesiteti monga a A. L. Bruce ku Magomero ankalipira lendi mwa kugwira thangata, limene linali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Eni maesitetiwa sanali masquire, popeza ambiri anali makampani ndi amalonda ofuna phindu la khofi, thonje, fodya ndi tiyi, opanda ngakhale kaubale kachibadwidwe kamene kankamanga squire ndi mudzi wa makolo ake, koma lamulo la umwini limene ankatsamira linali lochokera ku England komweko.

Liwu lenilenilo linatsika mofulumira. Chidule chakuti Esq., chimene kale chinkalembedwa pa envulopu pambuyo pa dzina la munthu wa udindo wa esquire yekha, chinayamba kuperekedwa kwa maloya, madokotala ndi amalonda, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 mabanki ndi maofesi a boma ankachilemba kwa mwamuna aliyense, mpaka ambiri anachisiya. Ku United States, kumene kumidzi majisitireti ankatchedwanso squire, Esq. chinakhala chizindikiro cha maloya, amuna ndi akazi omwe, ndipo magazini ya amuna yotchedwa Esquire inayamba kutuluka kumeneko mu 1933. Ku England lero munthu wogulitsa mowa kapena woyendetsa takisi angathe kuitana kasitomala wamwamuna aliyense kuti squire mwachibwana. Nthaka yokha sinasinthe manja mofulumira chonchi: Guy Shrubsole, m'buku lake la Who Owns England? la mu 2019, anayerekeza kuti malodi ndi mabanja a gentry akadali ndi pafupifupi 30 peresenti ya malo onse a ku England, ndiponso kuti theka la dzikolo lili m'manja mwa anthu osakwana mmodzi pa 100 aliwonse.